Kwa Azakhali: Chilimba Chikupita ku Bangkok

Azakhali okondedwa,

Ndine mayi wa zaka 34, ndili ndi kasaluni kanga pafupi ndi msika wa Mtendere kuno ku Lusaka. Chilimba chathu chikugwera ine mwezi wamawa, ndipo ndikaphatikiza ndi zimene ndasunga ku village banking, ndalama yake ndi yooneka. Mtima wanga uli ku Thailand. Ndimaona pa foni akachisi a golide, mchenga woyera ndi zakudya zokongola, tulo osabwera. Amuna anga, amene ndi makaniko, avomera, ati bola ndisawasiyire nkhongole. Koma apongozi anga, amayi a chigwirizano, akuti ndikakaponda m'kachisi wa Buddha ndibweretsa ziwanda m'nyumba ya mwana wawo. Palinso bambo wina amene tinadziwana pa Facebook, akuti amachita bizinesi ku Bangkok. Iye akuti ndisaononge ndalama zanga, tikiti agula ndi iye, ine ndingomutengera kachikwama kamodzi pobwerera. Kusambira sindidziwa, tsabola amanditsegula m'mimba, koma bikini ndagula kale pa salaula. Ndithandizeni.

Wofuna kuona dziko, Mtendere

Mwana wanga,

Pita. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti uwerenge zotsalazi mtima uli m'malo. Anzako chilimba chikawagwera amagula firiji yachiwiri yosungiramo mapoto, ena amathera ndalama yonse pa kitchen party ya mwana wa mnansi woti mawa sadzawapatsanso moni. Iwe wati ukaone kumene dzuwa limachokera, ndipo ndalama yake waipeza ndi zala zako, kuluka mitu ya anthu kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma. Palibe woti akuletse. Koma upite ndi tikiti yogula wekha, ndi sutikesi yolongedza wekha.

Tiye tikambe za bambo wa mtima wabwinoyu. Waluka tsitsi la amayi a Mtendere yense, a ku Kalingalinga mpaka a ku Kalikiliki. Ndi kasitomala uti anakulipirapo kawiri chifukwa chokumvera chisoni? Ndiye mwamuna woti sunaonepo ngakhale chikhadabo chake akugulire tikiti yoolokera nyanja yonse ya India chifukwa pa chithunzi chako wamwetulira bwino? Chikomekome cha nkuyu, mwanawe. Kachikwama kameneko kali ndi pansi pawiri. Ku Thailand lamulo la mankhwala ozunguza bongo silisekerera munthu: ozembetsa amagamulidwa zaka zambirimbiri, ena moyo wonse, ndipo chilango cha imfa chikadali m'malamulo awo. Ukapulumuka kumeneko, a Drug Enforcement Commission akukudikira pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Woweruza sadzafuna kumva kuti bamboyo ankakutchula kuti "dear" kangati pa tsiku. Adzafunsa kuti chikwama chinali m'manja mwa ndani.

Tikiti yaulere ili ndi msampha winanso woposa pamenepa. Anthu amaitanidwa ku Bangkok kuti kuli ntchito yabwino ya pa kompyuta. Akatsika ndege amawakweza galimoto ulendo wa ku Mae Sot kumalire, n'kuwaolotsa mtsinje wa Moei kulowa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar. Kumeneko amawalanda mapasipoti, kuwatsekera m'mipanda ya alonda a mfuti, n'kuwakakamiza kubera anthu pa intaneti usana ndi usiku. Mu Febuluwale 2025 boma la Thailand linadula magetsi ndi mafuta opita kumadera amenewo, ndipo anthu masauzande anatulutsidwa m'mipandamo, pakati pawo Aafirika anzathu ambiri a ku Ethiopia ndi ku Kenya. Bambo wa pa Facebook uja umubuloke lero lomwe. Ngati ali ndi mtima wothandiza amayi, abwere adzandinyamulire matumba anga a malasha kuchokera ku Chongwe.

Za mapepala ndidutsapo msanga. Pasipoti yako ikhale yoti ikadali ndi miyezi 6 kutsogolo. Ife a pasipoti ya Zambia timafunika visa, ndipo kuyambira Januwale 2025 amaipempha pa intaneti usananyamuke. Kuyambira Meyi 2025 palinso khadi lolowera m'dziko lotchedwa TDAC, lodzaza pa foni m'masiku atatu omaliza usanafike, ndipo ndi laulere. Wokulipiritsa ndi wakuba. A pa chipata akhoza kufuna kuona tikiti yobwerera, dzina la hotela ndi ndalama zokwana 20,000 baht, choncho zonse zikhale pafupi, osati pansi pa sutikesi pamodzi ndi bikini. Ndege yolunjika kulibe. Udzasinthira ku Addis Ababa, ku Dubai kapena ku Doha, n'kukatera pa Suvarnabhumi. Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever ulitenge, makamaka ukadzera ku Ethiopia. Ugulenso inshuwalansi ya paulendo, chifukwa zipatala zawo zapulaiveti ndi zabwino, ndipo bilu yake ikhoza kumeza chilimba cha zaka zitatu.

Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 5. Iwe ukamadya kadzutsa 7 koloko, ku Mtendere ndi 2 koloko usiku, ola labwino kwambiri loimbira amuna ako pa video kuti uone ngati agona pakhomo. Kalendala yawo nayonso ili patsogolo ndi zaka 543, chifukwa amawerengera kuchokera pa imfa ya Buddha: chaka cha 2025 kwa iwo chinali 2568. Ukaona deti lotero pa botolo la mkaka usakomoke. Nyengo yabwino ndi Novembala mpaka Febuluwale, mvula itadula ndipo kutentha kutachepa. Epulo ndi ng'anjo, komanso pa 13 mpaka 15 Epulo ndi Songkran, chaka chawo chatsopano, pomwe dziko lonse limathirana madzi m'misewu ndi ndowa ndi mfuti za pulasitiki. Sasankha mlendo, sasankha wigi ya Brazilian.

Tsopano apongozi. Usawaseke ndipo usakangane nawo. Mayi amene anakulerera mwamuna wovomera kuti mkazi wake apite ku Asia ndi ndalama za chilimba ayenera ulemu wapadera. Uwafotokozere modekha kuti Buddha sanali chiwanda. Anali munthu, dzina lake Siddhartha Gautama, mwana wa mfumu wobadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Anakulira m'chuma, koma atakumana ndi nkhalamba, wodwala ndi maliro, anasiya zonse kukafunafuna gwero la kuvutika kwa munthu. Anapeza kuti chotizunza ndi khumbo losakhuta, kufuna ichi, ukachipeza kufuna icho, nkhani imene iwe wogulitsa mawigi ukuidziwa bwino kuposa ine. Omutsatira wamba amasunga malamulo 5: osapha, osaba, osachita chigololo, osanama, osaledzera. Apongozi akamva zimenezi adzafunsa ngati munthuyo sanali wa mpingo wawo.

Dziko lathu a Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu pa 29 Disembala 1991. Ku Thailand anthu oposa 90 pa 100 alionse ndi Abuda. Komatu iwo sabweza Mkhristu pakhomo la kachisi, ndipo palibe adzakuuza kuti ugwade kapena upereke nsembe. Umalowa ngati mlendo, umaona, umatuluka. Chikumbumtima chikakana kufukiza lubani, usafukize. Lamlungu likakupeza ku Bangkok, matchalitchi aliko: Assumption Cathedral, ndi Santa Cruz Church ku Kudi Chin, imene anaiyambitsa Apwitikizi cha m'ma 1770 kutsidya kwa mtsinje wa Chao Phraya. Ukajambulitse pakhomo pake Baibulo lili m'manja, utumize kwa apongozi pa WhatsApp. Onsewa ndi a Akatolika, inde, koma pamenepo asankhe okha chowaopsa kwambiri.

Ine ziwanda zobwera nawe sizikundidetsa nkhawa. Nkhawa yanga ndi manyazi amene ungakasiye kumeneko. M'kachisi salowa mapewa ndi mawondo ali pamtetete, ndipo ku Grand Palace alonda amabweza anthu pageti tsiku lililonse. Apa mwana wa ku Mtendere wawapambana azungu onse, chifukwa chitenje unabadwa nacho. Tenga ziwiri, ndi bulauzi ya manja. Nsapato amavula pakhomo, choncho zidendene uzikweche ndi mwala usananyamuke. Mwini saluni wa zikang'a ndi chitonzo cha Zambia yense. Ukakhala pansi, mapazi asaloze kwa Buddha kapena kwa munthu, upinde miyendo kumbuyo. Kwa iwo phazi ndi lonyozeka, mutu ndi wolemekezeka. Ili ndiye vuto lako lalikulu, iwe wozolowera kugwira mutu wa aliyense n'kumati, "Amayi, tsitsi ili lafuna mafuta." Manja ako akhale kwa iwe mwini, ngakhale pa mutu wa kamwana kokongola. Popereka moni umaphatikiza manja pachifuwa, kuweramitsa mutu pang'ono n'kunena sawasdee kha. Mawu usakweze. Munthu wolalata pagulu amamuona ngati wadzichotsa yekha ulemu, ndipo akamamwetulira pamene iwe ukukalipa, usaganize kuti wapambana.

Amonke, ovala nsalu za mtundu wa lalanje aja, sakhudzana ndi mkazi. Usawapatse chinthu m'manja. Umaika pansi kapena pa kansalu kamene amayala. M'basi usakhale nawo mpando umodzi, ndipo selfie yokolekana mapewa uiwaliretu. Ukalawira m'mamawa udzawaona akuyenda pamzere opanda nsapato, mbale m'manja, anthu akuwaikira mpunga. Sapempha ndi pakamwa, chifukwa kwa iwo wopindula ndi woperekayo. Dzuwa likafika pamutu sadyanso mpaka mawa lake, ndipo malamulo awo ndi 227. Amuna ambiri a kumeneko amalowa umonke kwa kanthawi, milungu ingapo kapena miyezi itatu ya mvula, kawirikawiri asanakwatire: kumeta mpala, kugona pa mphasa, kuphunzira kudziletsa. Tikanabwereka mwambo umenewu wokha, makalata amene ndimalandira kuno akanachepa ndi theka.

Ku Bangkok uyambe ndi Grand Palace, imene Mfumu Rama I inayamba kumanga mu 1782 pokhazikitsa likulu pamenepo. Mlendo amalipira 500 baht. M'kati mwake muli Wat Phra Kaew, mokhala Emerald Buddha, kachiboliboli ka mwala wobiriwira ka masentimita 66 okha, koma kolemekezeka kuposa ziboliboli zonse m'dzikomo. Mfumu imakasintha zovala katatu pa chaka, nyengo yotentha, yamvula ndi yozizira. M'chipinda chimenecho sajambula. Panja pa mpanda, munthu wovala bwino akakuuza mwaulemu kuti lero kwatsekedwa, akutengere kwina pa tuk-tuk motchipa, ungomudutsa. Ulendo wake umakathera m'sitolo ya miyala ya mphete yokwera mtengo. Iwe unakulira pakati pa ang'wang'wazi a ku Kulima Tower, usakatichititse manyazi.

Pafupi pomwepo pali Wat Pho, pamene pali Buddha wogona chammbali, mamita 46 m'litali ndi 15 msinkhu, wokutidwa ndi golide, ndi mbale 108 zamkuwa zimene anthu amaponyamo makobidi. Pomwepo palinso sukulu yotchuka ya kutikita minofu. Kutikita kwawo si kwa mafuta ndi kanyimbo ka pansipansi. Amakupinda, kukukoka ndi kukukanikiza ndi zigongono mpaka msana umene waimirira pa saluni zaka zonsezi ulire poyera. Lipira, sudzadandaula. Ukatuluka kwera kaboti kooloka mtsinje kupita ku Wat Arun, nsanja yokongoletsedwa ndi zidutswa za mbale zadothi za ku China. Kenaka Wat Traimit, kumene kuli Buddha wa golide weniweni wolemera matani 5.5. Kwa zaka zambiri anthu ankamuyesa wa pulasitala wamba, chifukwa makolo awo anamumata dala kuti adani asamube, mpaka zidzukulu zinaiwala. Mu 1955 akumusamutsa, chingwe chinaduka, pulasitala inasweka, golide n'kuonekera. Nkhani imeneyi ukawauze apongozi, kenaka muyang'ane limodzi mwana wawo uja. Mwina pansi pa ovolosi ya girisi ija pali kanthu.

Ukakhala ndi tsiku lapadera pita ku Ayutthaya, makilomita pafupifupi 80 kumpoto, likulu lakale limene asilikali a ku Burma analiwotcha mu 1767. Ku Wat Mahathat kuli mutu wa Buddha umene mizu ya mtengo inaukulunga. Pojambulitsa umanjuta, kuti mutu wako usapose wake. Ndalama zikalola, sitima ya usiku ikakufikitsa ku Chiang Mai m'maola pafupifupi 13, ukakwere masitepe oposa 300 a ku Doi Suthep, ndipo pamenepo udzakumbukira vitumbuwa vonse vimene unadya pa msika wa Mtendere. Njovu usakwere. Kuti njovu ilole munthu pamsana imayamba yazunzidwa ili mwana, ndipo mwana wa dziko la South Luangwa sangaolokere nyanja kukalipira kuti aone njovu ya unyolo.

Chinthu chimodzi chosachita nacho nthabwala, ngakhale ine wanthabwala: mfumu yawo. Gawo 112 la malamulo awo a milandu limapereka zaka 3 mpaka 15 m'ndende kwa wonyoza mfumu, mfumukazi kapena wolowa ufumu, ndipo mlendo samulekerera. Mfumu Bhumibol inalamulira zaka 70 mpaka kumwalira pa 13 Okutobala 2016. Pano pali mwana wake, Maha Vajiralongkorn. Nkhope ya mfumu ili pa ndalama, choncho kobidi likagwa n'kumagubuduka, usaliponde ndi phazi. Pakamwa paja mumakambira andale athu mu saluni upasiye pa Alick Nkhata Road, ndipo pa Facebook usalembe kanthu za iwo. Nyimbo ya fuko ikalira 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo m'masiteshoni ndi m'mapaki, anthu akaima nawe uime.

Tibwere ku mimba. Uloweze mai phet, ndiye kuti asaike tsabola. Adzaikabe, koma wochepa woti ukhale ndi moyo. Masiku oyamba uyambe ndi khao man kai, mpunga wophikidwa mu msuzi wa nkhuku ndi nkhuku yowiritsa pamwamba, chakudya choti ngakhale wodwala amadya. Pad thai nayenso ndi wofatsa: manudulosi a ufa wa mpunga okazinga ndi dzira, bwemba ndi nshawa zosinja, tsabola amaika pambali. Chakudya chimenechi anachilimbikitsa ndi boma la Plaek Phibunsongkhram, yemweyo amene anasintha dzina la dziko kuchoka ku Siam kukhala Thailand mu 1939. Mimba ikazolowera, yesa tom yum, msuzi wowawasa wa maprawn, mandimu ndi udzu wonunkhira uja timaika mu tiyi. Som tam umusiyire kumapeto. Ndi papaya wosapsa wowaza, wosinjidwa mu kamtondo pamodzi ndi adyo, tomato, mandimu, msuzi wa nsomba ndi tsabola wambiri moti amayi osinjawo akakufunsa kuti angati, ukweze chala chimodzi, ndipo ngakhale chimenecho uchipinde.

Ufa usanyamule. Ndikukudziwani ana a ku Lusaka, mumafika ku hotela ya eni n'kuyamba kuvundula nsima mu ketulo ya tiyi. Kumpoto ndi kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo amadya khao niao, mpunga womata wobwera m'kadengu, ndipo amaudya mmene timadyera nsima: kutema ndi dzanja, kuumba mbamu, kusunsa mu ndiwo, nkhuku yootcha pambali. Tsiku limenelo sudzalira kwanu. Mpunga womwewo amauthira mkaka wa kokonati n'kudyera mango akupsa. Zakudya zina amadya ndi supuni, foloko ndi yongokankhira. Kuika foloko m'kamwa ndi kudziulula kuti wafika dzulo.

Udye pamene eni dziko aima pamzere, pamene akuphika iwe ukuona. Usiku upite ku Yaowarat, msewu wa Atchaina, kumene moto wa mapani sumazima msanga. Ukapeza ngolo ya nkhululu, ziwala ndi mbozi zokazinga, azungu atazungulira akujambula uku akunyansidwa, usachite nawo zachibwana zimenezo. Iwe wa vinkubala ndi inswa, mdzukulu wa anthu a mbewa a kum'mawa, gula kathumba udye mwaulemu, uwauze ogulitsa kuti mchere wachepa. Durian ndi nkhani ina: chipatso cha minga, chokoma kwa ochikonda, koma fungo lake ndi loti mahotela ambiri ndi sitima za mumzinda anachiletsa. Ulawire panja. Madzi a pampopi usamwe, a m'botolo ali m'sitolo ya 7-Eleven pa ngodya iliyonse. Ku chimbudzi ukapeza kapaipi ka madzi pambali, si kotsukira pansi. Uyambe wayesera kuloza kukhoma, safunsa anadya phula. Masitolo a chizindikiro cha tsamba lobiriwira ndi a chamba. Anachimasula mu 2022, n'kuchibwezera ku chilolezo cha dokotala mu 2025, ndipo kwathu kuno ndi mlandu monga kale, choncho masiwiti a m'menemo si mphatso ya ana. Ndudu zamagetsi zija achinyamata akusuta nazonso ndi zoletsedwa kumeneko.

Nanga bikini ya pa salaula? Vala, mwana wanga, thupi ndi lako ndipo ku Phuket kulibe wa chigwirizano. Koma malo ake ndi pa gombe pokha. Ukachoka pa mchenga, chitenje m'chiuno, makamaka kum'mwera kumene midzi yambiri ya m'mphepete mwa nyanja ndi ya Asilamu. Ukanafuna mchenga woyera wokha ndikanakukweza basi ya ku Samfya, ndalama yotsala n'kugulira dirayala yatsopano. Koma nyanja ya Bangweulu ilibe miyala italiitali yotuluka m'madzi ya ku Krabi ndi Railay, ndipo munthu wobadwira m'dziko lopanda nyanja yamchere ayenera kulawako madzi amenewo kamodzi, alavule, akhulupirire.

Kusadziwa kusambira ndiye kwandikhalitsa tsonga. Ku Phuket ndi Krabi, kuyambira Meyi mpaka Okutobala mphepo ya mvula imautsa mafunde, ndipo pansi pake pamakhala madzi okokera kunyanja amene amatenga ngakhale akatswiri. Mbendera yofiira ikakhala pa gombe, sulowa, ngakhale mpaka m'mawondo, ngakhale chithunzi chikhale chokongola bwanji. Pa boti lililonse uvale jekete yoyandamitsa n'kumanga malamba ake, anzako akuseke. Miyezi yatsalayi ukalipire maphunziro a kusambira pa dziwe lina m'tauni muno. Ukameze madzi a Lusaka kaye pamene pali wokuvuula. Udziwenso ichi: pa 26 Disembala 2004 chivomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi Sumatra chinautsa tsunami imene inapha anthu oposa 5,000 ku Thailand kokha, ambiri ku Khao Lak ndi ku zilumba za Phi Phi. M'malo ambiri nyanja inayamba yaphwa, anthu n'kutsikira kukaona nsomba zotsala pa mchenga. Lero kuli zikwangwani zoloza kothawira. Ukafika uziwerenge, ndipo ukadzaona nyanja ikubwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, usiye nsapato uthamangire kumtunda.

Chithunzi chimene chimakusowetsa tulo mwina ndi cha Maya Bay, gombe limene linatchuka ndi filimu ya Leonardo DiCaprio ya mu 2000. Alendo anachuluka mpaka zamoyo za m'madzi zinaonongeka, boma linatseka malowo mu 2018 n'kutsegulanso mu Januwale 2022. Pano kusambira pamenepo n'koletsedwa, lamulo limene analembera iwe ndithu. Njinga yamoto yobwereka uisiye. Amayendera kumanzere monga ife, koma misewu yawo imapha anthu ambiri, ndipo ena obwereketsa njinga ndi jet ski amakuonetsa kachikanda kakale n'kukulipiritsa. Pasipoti usasiyire aliyense ngati chikole. Zikavuta, apolisi a alendo amayankha pa 1155. Mafuta oteteza ku dzuwa udzole, khungu lakuda nalo limapsa. Pogula uwerenge botolo, chifukwa mafuta ambiri m'masitolo awo ndi oyeretsa khungu, mpaka a kukhwapa omwe. Ukabwera utayera mbuu, apongozi adzati ziwanda zija ndi zimenezi. Ena adzakuyang'anitsitsa, ena adzapempha kujambulitsa nawe kapena kugwira tsitsi lako. Ukafuna uvomere, ukafuna ukane. Mutu wako nawonso ndi wolemekezeka.

Masiku awiri omaliza uwasungire msika, chifukwa ndikudziwa kuti mzimayi wa bizinesi sangabwerere ndi zithunzi zokha. Ku Pratunam ndi kumene amalonda a ku Africa akhala akuoda zovala kwa zaka zambiri, ndipo Loweruka ndi Lamlungu kuli Chatuchak, msika wa mabenchi masauzande woti munthu amasochera. Utsitse mtengo ukumwetulira. Uwerengeretu makilogalamu amene ndege yako imalola ndi msonkho wa ZRA pofika, kuti phindu lisathere pa sikelo. Chiboliboli cha Buddha usagule: kuchitulutsa m'dzikomo kumafuna chilolezo cha boma, eni ake sakondwa kuchiona chili pamwamba pa TV pakati pa maluwa a pulasitiki, ndipo tsiku limene apongozi adzachione ukwati wako udzafunika ankhoswe. Iwo uwagulire nsalu ya silika ya mtundu wofatsa yoti avale ku ukwati. Amuna ako malaya amodzi akwana, avomera okha popanda kuwanyengerera. Ine undigulire mafuta opaka mawondo a ku Wat Pho, mabotolo awiri akuluakulu, ndipo usawapatsire munthu wina kuti andibweretsere. Ubwere nawo wekha, pamodzi ndi foni, ndione ngati bikini ija inakwana.

Ndine,
Azakhali ako